Misonkho posamutsira nyumba ya lendi m'dzina la kampani

Kusamutsira nyumba ya lendi m'dzina la kampani ndi kuchotsa umwini wa nyumba yochititsa lendi m'manja mwa munthu n'kuuika m'manja mwa kampani imene munthu yemweyo, kapena iye pamodzi ndi abale ake, ali ndi masheya. Nyumbayo imakhala pomwe inali, ochita lendi sasintha, ndipo nthawi zambiri palibe ndalama imene imaperekedwa. Komabe pamaso pa lamulo kampani ndi munthu payokha, wosiyana ndi amene anaiyambitsa, choncho mabungwe otolera misonkho amayamba ndi kuona kusamutsaku ngati kugulitsa. Nkhaniyi imakula pamene nyumba ili m'dziko lina ndipo mwini wake akukhala m'dziko linanso, chifukwa maboma awiri amakhala ndi mphamvu yofuna msonkho pa nyumba imodzi.

Kwa Amalawi nkhaniyi ili mbali ziwiri. Pali amene akukhala ku South Africa, ku United Kingdom ndi maiko ena koma anamanga nyumba za lendi kumudzi. Palinso amene anabwerera kumudzi nasiya nyumba ku Johannesburg kapena ku Cape Town ikuwapatsa lendi.

Nyumba za lendi kumadzulo kwa Lilongwe

Ulendo wa ku Joni si wachilendo m'midzi ya kwa Kabudula ndi kwa Kalolo. Makolo ankapita ku migodi kudzera ku bungwe la Wenela mpaka mu 1974, pamene ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndipo boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linaimitsa maulendowo. Anayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, imene anthu amaitchula kuti Theba, n'kutha mu 1988. Amene amapita masiku ano amadzilipirira okha basi, n'kukagwira ntchito za m'nyumba, za m'mashopu ndi za zomangamanga. Ndalama zimene amatumiza kumudzi zimagula feteleza ndi kulipira fizi, koma zina zimathera pa njerwa, simenti ndi malata.

Nyumba zotere zimamangidwa pamene pali anthu a malipiro a pamwezi. Ku Namitete, pa msewu wa M12 wopita ku Mchinji, kuli chipatala cha St Gabriel's, sukulu ya sekondale ndi koleji ya ntchito zamanja. Mpingu ili pa msewu womwewo, kufupi ndi malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze. Ku Nsaru ndi ku Kabudula kuli chipatala, masukulu ndi msika wa mbewu, ndipo ku Nambuma kuli mishoni ya Akatolika. Aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi, apolisi, ogulitsa zipangizo za ulimi ndi mavenda ogula soya ndi mtedza onse amafuna pogona kapena posungira katundu. Lendi yake imalandiridwa ndi m'bale wotsala pamudzi, kawirikawiri pamanja kapena pa foni.

Ganizo loika nyumba zotere m'kampani limabwera pa zifukwa zingapo: kupewa mikangano ya chuma cha masiye, kufuna ngongole ku banki, kapena chikhulupiriro chakuti kampani imalipira msonkho wochepa. Chikhulupiriro chomalizachi chinafala kuchokera ku United Kingdom, kumene kuyambira mu April 2017 boma linayamba kuchepetsa ufulu wa eni nyumba wochotsa chiwongoladzanja cha ngongole pa lendi asanawerengere msonkho, koma silinakhudze makampani. Malangizo amenewa amayenda kwambiri pa YouTube ndi m'magulu a WhatsApp. Ku Malawi chifukwachi chilibe mphamvu, pakuti munthu ndi kampani onse amaloledwa kuchotsa ndalama zimene awonongera popeza lendiyo.

Malo amene nyumba yaimapo

Msonkho usanatchulidwe n'komwe, funso loyamba ndi lakuti malo amene nyumbayo yaimapo ndi a yani. Kampani siingalandire chinthu chimene wopereka alibe chiphaso chake, ndipo nyumba zambiri za m'malo ochitira malonda a kumudzi zili pa malo a makolo, operekedwa ndi mfumu kapena ogulidwa ndi kalata yolembedwa pamanja pamaso pa mboni. Kalata yotere imathandiza pa bwalo la mfumu, koma siikwanira ku ofesi yolembetsa malo.

Kumadzulo kwa Lilongwe kuli mbiri yakeyake pa nkhaniyi. Mu 1967 boma linakhazikitsa malamulo atatu a malo, a Registered Land Act, Customary Land (Development) Act ndi Local Land Boards Act, ndipo anayesedwa koyamba m'dera la chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, chimene chinayamba mu 1968 ndi ndalama za World Bank. Malo anayezedwa n'kugawidwa m'zigawo zotchedwa ndunda. Ndunda iliyonse inalembedwa ngati malo a banja lonse, m'dzina la mtsogoleri mmodzi woimira mbumba, ndipo sinkatha kugulitsidwa popanda chilolezo cha komiti ya malo ya m'deralo. Ambiri mwa atsogoleri amene analembedwa nthawi imeneyo anamwalira, ndipo si mabanja onse amene anapita kukasintha dzina m'kaundula. Zotsatira zake n'zakuti munthu akhoza kumanga nyumba ndi ndalama zake zokhazokha pa malo amene ali ndi chiphaso, koma chiphasocho chili m'dzina la agogo, ndipo mwalamulo ndi cha mbumba yonse. Pakati pa Achewa, amene malo amatsata mzere wa kuchikazi, mwamuna amene anamanga ku chikamwini ali pa vuto loposa: nyumba ndi yake, nthaka ndi ya akuchikazi.

Malamulo a 2016, a Land Act ndi Customary Land Act, anatsegula njira yolembetsa malo a makolo m'dzina la munthu kapena banja kudzera m'komiti ya malo imene wapampando wake amakhala gulupu. Malo olembetsedwa chotero ali ndi malire pa kagulitsidwe kake. Kusintha kwa malamulowa mu 2022 kunakhwimitsa kugulitsa malo kwa anthu amene si nzika za Malawi, ndipo pa kampani chimene chimayang'anidwa ndi unzika wa eni masheya. Apa n'chifukwa chake lamulo lolola unzika wa maiko awiri, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza kumapeto kwa 2018, lili lofunika kwa Mmalawi amene anatenga pasipoti ya dziko lina. Malo a lizi, amene boma limabwereketsa kwa zaka zowerengeka, amasamutsidwa ndi chilolezo cha unduna wa za malo, ndipo ngongole ya lendi ya nthaka imayenera kuthetsedwa kaye. Nyumba ikakhala chikole cha ngongole, banki nayo imayenera kuvomereza.

Misonkho ya pa tsiku losamutsa

Misonkho ya m'dziko la Malawi imatoleredwa ndi bungwe la Malawi Revenue Authority, kapena kuti MRA, limene linayamba ntchito mu February 2000. Lamulo lalikulu ndi Taxation Act. Lamuloli limatsata kumene ndalama zachokera: ndalama yopezeka m'Malawi imalipira msonkho m'Malawi, mwini wake kaya ali ku Nsaru kaya ali ku Durban.

Choyamba ndi msonkho wa pa phindu la kukwera mtengo kwa katundu. Kwa zaka zambiri Malawi wakhala akuphatikiza phindu lotere ku ndalama zina zonse zimene munthu wapeza m'chakacho, n'kulidula msonkho pa mlingo womwewo. Phindu limapezeka pochotsa ndalama zimene nyumba inadya pa mtengo wake wa lero. Popeza mwini nyumba ndi kampani yake si anthu awiri okanganirana mtengo, MRA siimangika ndi mtengo umene iwo alemba. Imayang'ana mtengo umene nyumbayo ingagulidwe pa msika, ndipo n'chifukwa chake pamafunika katswiri wovomerezeka woyerekeza mitengo ya nyumba. Kulemba kuti nyumba yaperekedwa pa K1 sikuchotsa msonkho.

Ndalama zimene nyumba inadya zimakwezedwa kaye molingana ndi kukwera mitengo kwa zinthu, potsata ziwerengero za National Statistical Office ya ku Zomba. Izi n'zofunika kwambiri m'dziko limene kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, chifukwa nyumba ikhoza kuoneka kuti yakwera mtengo kasanu m'makwacha pamene m'marandi siinasinthe kwenikweni. Koma kuti mtengo wakale ukwezedwe, uyenera kuyamba wadziwika. Nyumba ya m'dera ngati la Kabudula imamangidwa pang'onopang'ono, chaka chino uvuni wa njerwa, chaka chamawa malata, amisiri olipidwa pamanja, mchenga wotutidwa pa ngolo. Malisiti sapezeka, ndipo mtengo umene sungatsimikizike umakulitsa phindu lodulidwa msonkho. Mauthenga otumizira ndalama kuchokera ku Joni, ngati anasungidwa, nthawi zina ndiwo umboni wokhawo.

Lamulo limakhululukira phindu lina, monga la pa nyumba imene munthu amakhalamo yekha, la pa katundu wosamutsidwa pakati pa mwamuna ndi mkazi wake, ndi la pa katundu wopita kwa mwana kuchokera ku chuma cha kholo lomwalira. Nyumba ya lendi yopita ku kampani siili m'gulu limeneli. Chimene chilipo ndi ndime zolola kuti phindu lisawerengedwe pa tsikulo ngati katundu waperekedwa ngati mpamba wa kampani posinthana ndi masheya, woperekayo n'kutsala ndi gawo lalikulu kwambiri la umwini. Uku ndi kuchedwetsa msonkho chabe, chifukwa kampani imatenga nyumbayo pa mtengo wake wakale, ndipo phindu lonse limadzaonekera tsiku limene idzaigulitse. Amene agawira masheya kwa abale ambiri tsiku lomwelo akhoza kudzitsekera yekha mpata umenewu.

Chachiwiri ndi msonkho wa chidindo, umene m'maofesi amautchula kuti stamp duty. Umalipidwa pa chikalata chosamutsira umwini wa malo ndi nyumba, ndipo unatsitsidwa kuchoka pa 3 peresenti kufika pa 1.5 peresenti ya mtengo wa katundu. Pamwamba pake pali malipiro a loya, a woyerekeza mtengo, ndi a ku ofesi yolembetsa malo.

Chachitatu si msonkho koma kalata. Malo ndi nyumba sizisamutsidwa popanda kalata ya MRA yotsimikiza kuti wosamutsa alibe ngongole ya msonkho. Kwa munthu amene wakhala akulandira lendi kwa zaka khumi osaiwerengera msonkho, kupempha kalatayi kuli ngati kudzinenera yekha, ndipo ngongole yakale pamodzi ndi chindapusa chake ikhoza kuposa misonkho ina yonse ya tsikulo.

Misonkho ya chaka ndi chaka

Kampani yolembetsedwa m'Malawi imalipira 30 peresenti ya phindu lake, kuyambira pa kwacha yoyamba. Nthambi ya kampani yolembetsedwa kunja imalipira 35 peresenti. Ndalama zotsalazo si za mwini masheya mpaka kampani itazigawa, ndipo pogawapo pamadulidwa msonkho wina, umene kwa okhala m'dziko muno wakhala uli 10 peresenti kwa zaka zambiri.

Munthu payekha ali ndi gawo la ndalama losadulidwa msonkho. Pa milingo imene inayamba mu April 2024, K150,000 yoyamba pa mwezi sinkadulidwa kanthu, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, ndipo milingo ya 30 ndi 35 peresenti inkagwera ndalama zoposa pamenepo. Milingoyi imasintha ndi bajeti za boma, koma chitsanzo chikhoza kuonetsa mmene zimakhalira. Mdadada wa zipinda za lendi umene umasiya phindu la K400,000 pa mwezi, mwini wake akukhala m'Malawi ndipo alibe ndalama ina, ukanalipira K62,500 pa mwezi. M'kampani, phindu lomwelo likanadulidwa K120,000, ndipo pogawa K280,000 yotsalayo pakanadulidwanso K28,000. Pamodzi ndi K148,000, ndiye kuti K37 pa K100 iliyonse, kuposa kawiri msonkho wa munthu payekha. Kusiyanaku kumachepa ngati mwini nyumba ali kale ndi malipiro aakulu, kapena ngati phindu silikutulutsidwa koma likumangira nyumba zina.

Mwini nyumba amene sakhala m'Malawi ali pansi pa lamulo lina. Ndalama zochokera m'Malawi zopita kwa munthu wokhala kunja zimadulidwa 15 peresenti pa ndalama yonse, zowonongedwa zisanachotsedwe, ndipo msonkhowo umathera pomwepo. Chimene chimawerengedwa apa ndi kumene munthu akukhala, osati unzika wake. Kwa Mmalawi wa ku Joni, mlingo umenewu ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi misonkho iwiri ya kampani.

Wochita lendi akakhala bungwe, kampani kapena ofesi ya boma, amadula msonkho pa lendi asanaipereke n'kuutumiza ku MRA, ndipo mwini nyumba amapatsidwa chikalata choti adzachotsere pa msonkho wake wa pachaka. Izi zimachitika mwini nyumba kaya ndi munthu kaya ndi kampani. Lendi ya nyumba yogonamo ilibe VAT, koma ya mashopu ndi nyumba zosungira katundu imakhala nayo ndalama zikafika pa mlingo wolembetsera.

Pali ndi ntchito ya mapepala. Lamulo la makampani la 2013, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016, limalola kampani ya munthu mmodzi, choncho kuyambitsa n'kosavuta. Kusunga kampani ndiko kumadya ndalama. Imafunika nambala yakeyake ya msonkho, akaunti yake ku banki, mabuku a ndalama, msonkho woperekeratu miyezi itatu iliyonse, lipoti la msonkho pasanathe masiku 180 chaka chake chitatha, ndi lipoti la pachaka ku ofesi yolembetsa makampani. Chizolowezi cha pamudzi chotapa lendi kuti ithandize pa maliro kapena pa chinkhoswe chimasanduka nkhani ya m'mabuku, chifukwa ndalamayo tsopano ndi ya kampani. Ngakhale kugoneka wogwira ntchito wa kampaniyo m'chipinda chimodzi mwaulere kukhoza kuitana msonkho wa 30 peresenti umene olemba ntchito amalipira pa zabwino zopatsa antchito.

Dziko limene mwini nyumba akukhala

South Africa imadula msonkho anthu okhala m'dzikomo pa ndalama zimene apeza kulikonse padziko lapansi, ndipo yachita zimenezi kuyambira mu 2001. United Kingdom nayo imachita chimodzimodzi. Choncho lendi ya ku Namitete imayenera kuoneka pa lipoti lopita ku SARS kapena ku HMRC, ndipo kusamutsira nyumbayo ku kampani kumawerengedwa kumenekonso ngati kugulitsa pa mtengo wa pa msika, phindu lake likuwerengedwa m'marandi kapena m'mapaundi. Kuchedwetsa kumene lamulo la Malawi lingalole sikumanga dziko linalo.

Mapangano opewa kudula msonkho kawiri amathandiza. Malawi ali ndi pangano lotere ndi United Kingdom, la mu 1955 dziko lisanalandire ufulu, ndi lina ndi South Africa la mu 1971. Mfundo imene maiko ambiri amatsata ndi yakuti dziko limene nyumba yaimapo ndilo limayamba kudula, ndipo dziko limene mwini wake akukhala limachotsera msonkho umene walipidwa kale. Kuchotseraku kumafuna umboni wakuti msonkho unalipidwadi.

Kampani imabweretsa mavuto awiri amene munthu payekha alibe. Loyamba ndi la kumene kampani ikuyendetsedwera. Kampani yolembetsedwa m'Malawi koma zigamulo zake zonse zikupangidwa pa foni kuchokera ku Johannesburg ikhoza kuonedwa ndi SARS ngati yokhala m'dziko la South Africa. Lachiwiri ndi malamulo otsata phindu losungidwa m'makampani a kunja. Ku South Africa, kampani ya kunja imene anthu okhala m'dzikomo ali ndi masheya oposa theka phindu lake likhoza kuwerengedwa ngati la eni akewo ngakhale lisanagawidwe. United Kingdom ili ndi malamulo ofanana nawo okhudza katundu wosamutsidwira kunja.

Kutulutsa ndalamazo m'Malawi ndi nkhani inanso. Kutumiza ndalama kunja kumadzera m'mabanki potsata malamulo a Reserve Bank of Malawi, banki imafuna umboni wa msonkho, ndipo m'zaka zaposachedwa ndalama zakunja zakhala zikusowa. Eni nyumba ambiri amangosiya lendi kumudzi kuti isamale banja.

Nyumba ikakhala ku South Africa

Kwa amene anabwerera kumudzi nasiya nyumba ku Joni, zinthu zimatembenuka. Lendi yochokera ku nyumba ya ku South Africa si ndalama yochokera m'Malawi, choncho mlandu wake waukulu uli ku SARS. Kumeneko kampani imalipira 27 peresenti ya phindu, ndipo pogawa phindu pamadulidwa 20 peresenti, pokhapokha pangano la maiko litatsitsa mlingowo. Pa phindu la kukwera mtengo, munthu amawerengeredwa 40 peresenti ya phindulo, zimene zimafikitsa msonkho wake pa 18 peresenti ukakwera kwambiri, pamene kampani imawerengeredwa 80 peresenti, n'kulipira 21.6 peresenti.

Posamutsa umwini pamakhala msonkho wa transfer duty, umene kuyambira pa 1 April 2025 umayambira pa nyumba zoposa R1,210,000. Wogulitsa akakhala kuti sakhala m'dzikomo ndipo mtengo waposa R2 miliyoni, wogula amasunga gawo la ndalamazo n'kulipereka ku SARS: 7.5 peresenti ngati wogulitsa ndi munthu, 10 peresenti ngati ndi kampani. Ndime 42 ya lamulo la misonkho la dzikolo imalola kupereka katundu ku kampani yokhala m'South Africa posinthana ndi masheya popanda msonkho wa pa phindu tsiku limenelo, koma ili ndi zoyenera kutsata kwa miyezi 18 yotsatira. Kampani ya ku Malawi ikatenga nyumbayo, mwayi umenewu supezeka.

Chuma cha masiye

Pamene kampani imaonetsa ubwino wake si pa msonkho koma pa imfa. Kulanda chuma cha masiye ndi vuto lodziwika, ndipo lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011 limaliwerenga ngati mlandu, n'kuika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo pogawa chuma. Nyumba ikakhala ya kampani, mwini masheya akamwalira chiphaso cha malo sichisintha dzina, lendi imapitirira kulowa mu akaunti ya kampani, ndipo chimene chimagawidwa ndi masheya. Nyumba imodzi siingadulidwe patatu, koma masheya akhoza kugawidwa kwa ana atatu. Masheyawo amawerengedwabe ngati chuma cha womwalira, ndipo amalowa powerengera msonkho wa chuma cha masiye.

Njirayi ili ndi mtengo wake pa mwambo. Malo a ndunda akalowa m'kampani, ufulu umene mwana aliyense wa mbumba anali nawo mwa kubadwa umasanduka wa okhawo amene alembedwa m'kaundula wa masheya. Masheya akhoza kugulitsidwa kapena kuikidwa chikole popanda kufunsa mwinimbumba, ndipo kampani ikagwa ndi ngongole nyumba ndi malo ake zimapita limodzi. Kubweza nyumbayo m'dzina la munthu kumawerengedwanso ngati kusamutsa kwatsopano, ndi misonkho yake. Wilo yolembedwa bwino, kapena kulembetsa malo m'maina a mwamuna ndi mkazi onse awiri, kumateteza ana pa ndalama zochepa kwambiri, ndipo katundu wopita kwa mwana kuchokera ku chuma cha kholo lake sadulidwa msonkho wa pa phindu la kukwera mtengo.